Nyung'unyu ikauma: kukoka mwendo, mphini, mapiritsi kapena mafizo?

Malume anga amalima mbatata ya kachewere ku Bembeke. Chaka chatha mu June, kuzizira kutafika pogwedeza nsagwada, anasiya kukwera njinga. Sanauze munthu. Tinangoona kuti popita kudimba akuikankha, thumba la feteleza lili pakaliyala, iwo akutsimphina pambali. Nditawafunsa anati, "Mphwanga, chiuno chauma. Mwendowu ukukana kudumpha felemu."

Malangizo anabwera ngati ngumbi za mvula yoyamba. Wina anati pali bambo wina kumsika amene amakoka mwendo fupa n'kubwerera m'malo. Azakhali anati ndi nyamakazi, pafunika mphini. Mnyamata wa pagolosale anawagulitsa mapiritsi a indosidi. Ine ndinati tipite ku mafizo, kwa akatswiri othandiza odwala ndi manja ndi masewera olimbitsa thupi, ngakhale panthawiyo ndinkanena pongotsatira zomwe ndinamva. Njira zonsezi malume anaziyesa, zina mobisa, ndipo m'miyezi yotsatira ndinawerenga ndi kufunsa zambiri kuti ndimvetse chomwe manja a munthu angachite pa mfundo youma, ndi pomwe mphamvu ya manjawo imathera.

Chiuno chake chiti?

Mawu akuti chiuno amatisokoneza tokha. Wina akati chiuno chikupweteka amanena msana wam'munsi, pomwe pamadutsa lamba. Wina amanena pambali, pafupa lotuluka lomwe limagunda mphasa tikagona chammbali. Wina amanena mfundo yeniyeni pomwe fupa la ntchafu limalowa m'fupa la chiuno. Imeneyi akuluakulu amati nyung'unyu, malo aja Yakobo anavulala usiku womwe analimbana ndi munthu mpaka mbandakucha, n'kuchoka akutsimphina. Nkhani yathu ndi ya mfundo imeneyi.

Inapangidwa ngati munsi mumtondo, kungoti mutu wa munsiwo ndi wobulungira ngati mpira, ndipo mtondowo umaukumbatira zolimba. Mbali zonse ziwiri zinakutidwa ndi chicherechere choterera, chonga chomwe timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku, ndipo pakati pali timadzi tonanda tofewetsa. Kunja kuli kathumba kolimba kokuta mfundo yonse, komangidwa ndi mitsempha yochindikala. Wa kutsogolo ndi umene umawerengedwa kuti ndi wolimba kuposa yonse m'thupi. Pamwamba pa zonsezi pali minofu ya matako. Munthu akamayenda, nthawi iliyonse yomwe phazi limodzi lokha lili pansi, mfundoyo imasenza kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri kapena katatu. Onjezerani thumba la mbatata pamutu, mukutsika chitunda cha ku Bembeke.

Nyung'unyu yabwino imalola bondo kukwera cha kuchifuwa madigiri pafupifupi 120, mwendo kutanyuka chammbali madigiri 45, ndi kupotokera mkati kapena kunja madigiri pafupifupi 40. Nyamakazi ya kutha kwa chicherechere ikayamba, choyamba kuchepa kawirikawiri ndi kupotokera mkati. Kenako munthu amavutika kuvala sokosi, kunjuta pachimbudzi, kukwera njinga, kudzuka pamphasa. Ululu wake umamveka kutsogolo, m'mphechepeche, ndipo umatha kutsika ntchafu mpaka pabondo. Alipo anthu amene amathowa bondo zaka zambiri pomwe vuto lili pamwamba.

Asanakukokeni aliyense

Apa ndichedwepo, chifukwa kulakwitsa pano kumapundula. Pali matenda a nyung'unyu amene safuna kukokedwa ngakhale pang'ono, kaya wokokayo ndi wophunzira kaya ndi wa kumsika.

Gogo akagwa, ngakhale pakhonde chabe, n'kulephera kuponda, mwendo n'kuoneka waufupi phazi litagonera kunja, khosi la fupa la ntchafu lathyoka mpaka chipatala chitanena kuti ayi. Mwana akatentha thupi n'kukana kuponda kapena kugwidwa mwendo, mwina m'mfundomo mwalowa mafinya, ndipo amawononga chicherechere m'masiku ochepa. Mnyamata wa zaka 10 mpaka 15 akayamba kutsimphina akudandaula bondo, mutu wa fupa umatha kukhala kuti ukutsetsereka pamalo pomwe fupa limakulira. Ululu wosagonetsa usiku, pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta, umakumbutsa kuti TB simangokhala m'mapapo mokha. Imadyanso msana ndi nyung'unyu.

Ndiye pali lina lomwe kuno kwathu ndi lofala kuposa momwe ambiri amaganizira: kufa kwa mutu wa fupa chifukwa magazi asiya kufikako. Limagwira anthu a zaka 30 kapena 40, osati okalamba okha, ndipo limayenda ndi kumwa mowa kwambiri, matenda a sickle cell, HIV, ndi kumwa nthawi yaitali mankhwala a gulu la prednisolone ndi dexamethasone. Pakati pa Amalawi amene anaikidwa nyung'unyu yachitsulo ku Blantyre, ili ndi limodzi mwa mavuto omwe amawafikitsa kumeneko kwambiri. Fupa lotere limakhala ngati nsanamira yodyedwa ndi chiswe, kunja yooneka bwino. Kulikoka mwamphamvu n'kuliputa.

Zonsezi zimafuna wachipatala ndi kujambula. Zipatala zathu zamaboma, monga cha Dedza ndi cha Ntcheu, zimakhala ndi akatswiri a mafupa amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo ntchito yaikulu ya mafupa m'Malawi ili m'manja mwawo. Ndi iwo amene angakuuzeni ngati yanu ndi nyamakazi wamba. Nyamakazi wambayo imadziwika motere: munthu wapitirira zaka 45, ululu umakula ndi ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha pasanathe mphindi 30. Ya malume inali imeneyi.

Bambo wa kumsika ndi kulira kwa fupa

Malume anapitako osandiuza. Anawagoneka chagada pamphasa, mnyamata wina atawagwira m'khwapa, bamboyo n'kukoka phazi mwadzidzidzi. Munalira kuti kha! "Mwamva? Labwerera," anatero. Analipira mtengo wa nkhuku, ndipo kunena zoona tsiku limenelo anayenda mopepuka. Patapita masiku atatu anali pomwe anali.

Fupalo silinabwerere, chifukwa silinachoke. Nyung'unyu siguluka mwachisawawa. Imafuna ngozi yaikulu, monga ya galimoto kapena ya njinga yamoto, ndipo ikaguluka munthu saima n'komwe. Amaibwezera kuchipatala atamugoneka ndi mankhwala, makamaka pasanathe maola 6 kuti mutu wa fupa usafe. Aliyense amene wafika yekha akuyenda, fupa lake lili m'malo.

Nanga chinalira n'chiyani? Mafupa awiri akalekanitsidwa mwadzidzidzi, mkati mwa timadzi tija mumatseguka kampata ka mpweya, ndipo ndiko kamalira, monga timalizira zala. Mu 2015 ofufuza a ku Canada anajambula zimenezi zikuchitika m'chala cha munthu ndi makina a MRI. Kuti chala chomwecho chilirenso pamafunika mphindi pafupifupi 20, mpweyawo usungunuke. Kulirako pakokha sikuvulaza, komanso si umboni woti mwachiritsidwa.

Sindikunena kuti bamboyo sanachite kanthu. Kukoka mwendo motsata utali wake kumatambasula kathumba kaja, kumachepetsa ululu kwakanthawi, ndipo akatswiri a mafizo nawonso amachita zofananako. Vuto ndi loti iye sanafunse funso limodzi. Sanadziwe ngati malume anagwapo, ngati amamwa mankhwala ena, ngati akutuluka thukuta usiku. Amakoka aliyense mofanana, ndipo tsiku lina pamphasa pake padzagona munthu wa fupa lodyedwa ndi chiswe uja.

Kuthowa, kusisita ndi mphini

Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda ndimakuyamikira. N'kwaulere, sikuvulaza pokhapokha madzi akatenthetsa, ndipo m'nyengo yozizira ya kuno ku Dedza kumamasula minofu munthu asanayambe kuyenda. Kusisita matako ndi ntchafu n'chimodzimodzi. Koma nyung'unyu ili mkati kwambiri, pansi pa minofu yochindikala, ndipo kutentha kwa nsalu sikufikako. Mukufewetsa alonda a pakhomo, osati mwini nyumba.

Za mphini ndinene mwachidule. Lumo limadula khungu, mankhwala amakhala pakhungu, chicherechere chotha chili masentimita angapo mkati. Azakhali anakhumudwa nane, koma lumo limodzi logwiritsidwa ntchito pa anthu awiri limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo chilonda chikhoza kuyambitsa kafumbata.

Manja a wa mafizo

Apa ndi pomwe pali nkhani yambiri, chifukwa pansi pa mawu amodzi akuti mafizo pali njira zingapo zosiyana.

Yoyamba ndi yogwedeza mfundo pang'onopang'ono. Katswiri amagwira ntchafu kapena akakolo, n'kumakoka ndi kumasula, kukoka ndi kumasula, mobwerezabwereza kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, kenako kupuma. Geoffrey Maitland wa ku Australia anagawa kugwedezaku m'magawo: loyamba ndi lachiwiri ndi ofatsa, ongotonthoza ululu, pomwe lachitatu ndi lachinayi amafika pamalire pomwe mfundo yaumira n'kuwakankha pang'ono. Freddy Kaltenborn wa ku Norway anatsindika kulekanitsa mafupa awiriwo mwa kukoka kosadukiza. Ubwino wa njirayi ndi woti wodwala ali ndi mawu. Akati "imani", manja amaima.

Yachiwiri ndi ya kukoka kwadzidzidzi, kwakufupi koma kothamanga, komwe nthawi zina kumaliza mfundo. Pamaso imafanana ndi ya bambo wa kumsika. Kusiyana kuli pa zomwe zachitika kusanafike kukokako: kufunsa, kuyeza, kuika mwendo pangodya yoyenera, ndi kudziwa munthu wosayenera kukokedwa, monga wa mafupa ofooka, wa khansa, wa nyung'unyu yachitsulo.

Yachitatu inachokera kwa Brian Mulligan wa ku New Zealand. Katswiri amakulunga lamba m'chiuno mwake ndi pantchafu ya wodwala cha kumtunda, n'kutsamira kumbuyo kuti fupa likokekere kunja pang'ono, ndipo lambayo akadakoka, mwendo umapindidwa kapena kupotoledwa kulowera komwe unkakana. Lamulo lake n'losavuta: ngati kuyendako kukupweteka, njirayo siikugwira, asinthe kapena asiye. Imeneyi ndiyo inawadabwitsa malume. Asanagone pabedi bondo linkakanira patali. Atadzuka linayandikirako kuchifuwa, ndipo anavala nsapato osatukwana.

Kodi chimasintha n'chiyani m'mphindi khumi? Chicherechere chotha sichimeranso, ndipo fupa lophuka m'mphepete mwa mtondo silisungunuka. Chomwe chimasintha kwambiri ndi mitsempha ya uthenga. Mfundo yopweteka imatumiza uthenga woti minofu yoizungulira ikungike poiteteza, ndipo nthawi yomweyo imaletsa minofu ina, makamaka ya matako, kugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Kugwedeza kumatonthoza uthenga umenewu kwakanthawi. Ululu umatsika, kukungika kumalekeza, mwendo umayenda madigiri angapo oonjezera.

N'chifukwa chake m'kafukufuku wina waung'ono, atayeza mphamvu za minofu ya matako mphindi zochepa munthu atagwedezedwa nyung'unyu, anapeza kuti zakwerako. Ena amamva zimenezi n'kuganiza kuti manja amalimbitsa minofu. Ayi. Mnofu sukula pa mphindi khumi. Zili ngati ng'ombe yapangolo yomwe inali itakodwa chingwe m'mwendo: mukaimasula imakoka bwino, koma siinanenepe. Kuti mnofu ukule pamafunika milungu 6 mpaka 12 ya ntchito yobwerezabwereza, ndipo ntchitoyo palibe angakugwirireni.

Ofufuza nawo sagwirizana kwenikweni, ndipo ndibwino mudziwe mbali zonse. Mu 2004 ku Netherlands, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Hoeksma linagawa pawiri odwala 109 a nyamakazi ya nyung'unyu. Ena analandira chithandizo cha manja, kukoka ndi kutambasula, ena masewera olimbitsa thupi, maulendo 9 m'milungu 5. Pomaliza, 81 pa 100 alionse a gulu la manja anati apezako bwino, poyerekeza ndi 50 pa 100 a gulu la masewera, ndipo kusiyana kwina kunaonekabe patapita milungu 29. Okonda manja amaitchula kwambiri nkhani imeneyi. Koma mu 2014 ku Melbourne, Kim Bennell ndi anzake anatenga odwala 102. Theka linalandira mafizo enieni, manja ndi masewera ndi malangizo, maulendo 10 m'milungu 12. Theka linalo linkapakidwa mafuta opanda mankhwala n'kuyendetsedwa makina ozimitsidwa. Magulu onse awiri anapezako bwino, ndipo la mafizo enieni silinapose linzake.

Zotsatira zachiwirizi zimaluma, koma zikunena chinthu choona: mbali ina ya mpumulo womwe timaumva imachokera pa kugwidwa, kumvetseredwa ndi kuyembekezera. Bambo wa kumsika amadyera pomwepo. Pa chifukwa ichi bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, m'malangizo ake a 2022, linaika masewera olimbitsa thupi patsogolo, ndipo linati chithandizo cha manja chiganiziridwe pa nyung'unyu ndi bondo pokhapokha chikuyendera limodzi ndi masewerawo, osati pachokha.

Ine ndimaona manja a wa mafizo ngati chizimalupsa. Imafewetsa nthaka, fumbi n'kugona, khasu n'kumalowa. Koma amene wangokhala pakhonde kuiyamikira, pakatha masiku atatu apeza nthaka yaumanso.

Pali ndi nkhani ya mtunda. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo akatswiri akadali ochepa. Ambiri ali m'mizinda: ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa boma la Dedza, ku Queens, kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Munthu wa ku Mayani, ku Kaphuka kapena kutsidya kwa Khwekhwelere ku Golomoti sangakwere minibasi kawiri pamlungu kwa milungu isanu monga odwala a ku Netherlands aja. Choncho ulendo umodzi kapena iwiri yomwe mungakwanitse isathere pa kukokedwa kokha. Pemphani kuti akuyezeni, akuonetseni masewera, muwachite iwo akuona, akukonzeni. Ngati mwaperekezedwa ndi mwana wa foni yojambula, ajambule. Funsaninso ngati amene akukugwiraniyo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, makamaka ku zipatala zolipira. Wolembetsedwa sakwiya ndi funso limenelo.

Ntchito ya mwini chiuno

Malume atauzidwa za masewera anaseka. "Ine ndimalima kuyambira tambala woyamba. Masewera ena ati?" Funso lawo ndi labwino. Kulima ndi ntchito yolemetsa, koma kumagwiritsa thupi mbali imodzi yokha: wawerama, chiuno chapindika, maola asanu. Nyung'unyu siwongoka, siyenda chammbali, ndipo minofu ya m'mbali mwa matako, yomwe imagwira chiuno kuti chisapendeke poponda ndi mwendo umodzi, imafooka. Ikafooka munthu amayenda mogwera mbali ngati bakha, ndipo mfundo imavutika koposa. Alimi ndi amodzi mwa anthu amene nyamakazi ya nyung'unyu imawagwira kwambiri, ngakhale ku maiko a mathirakitala.

Zomwe anapatsidwa sizifuna chipangizo. Kugona chagada pamphasa, mawondo atapindidwa, n'kukweza matako mpaka thupi liwongoke kuchokera paphewa kufika pabondo. Kugona chammbali n'kukweza mwendo wapamwamba uli wowongoka, chidendene chikutsogola, osalola chiuno kugubudukira kumbuyo. Kukhala pampando n'kudzuka osagwira mawondo. Kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde. Kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma. Chilichonse kakhumi, kupuma, n'kubwerezanso, masiku atatu kapena anayi pamlungu. Pomaliza kugona chafufumimba mphindi zingapo kuti kutsogolo kwa ntchafu kutambasuke pambuyo pa kuwerama kwa tsiku lonse.

Milungu yoyamba ululu umatha kukwerako, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasiyira. Muyeso wake ndi uwu: ngati pofika mawa nthawi yomweyo wabwerera pomwe unali, pitirizani, ngati wakhalabe pamwamba, chepetsani chiwerengero, koma musaleke. Zikayamba kupepuka onjezerani, kaya ndi kathumba ka mchenga pa akakolo kaya ndi mpando wofupikirapo. Masewera omwe saonjezeredwa amasiya kulimbitsa.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti ndi yotopetsa ndipo ilibe kha! Palibe tsiku lomwe mungaloze kuti ndachira lero. Malume ankachita manyazi kukweza matako pamphasa adzukulu akuona, mpaka anasankha kuchitira m'nyumba chitseko chotseka, nthawi ya nkhani za pawailesi.

Pamodzi ndi masewera pali tinthu ting'onoting'ono tomwe phindu lake limaposa kukula kwake. Ndodo igwidwe ndi dzanja la mbali yabwino, osati la mbali yopweteka, ambiri amalakwitsa. Ndowa kapena chikwama chinyamulidwe ku mbali yopwetekayo, chifukwa kumeneko minofu ya matako imavutika pang'ono. Mpini wa khasu utalikeko. Mpando ukhale wautali kuti mawondo asapitirire chiuno. Pachimbudzi chokumba, kabokosi ka matabwa koboola pakati kamapulumutsa munthu ku kunjuta. Amene thupi lakula, kuchepetsako makilogalamu ochepa kumamveka pa sitepe iliyonse, poti paja mfundo imasenza mowirikiza. Njinga nayo ndi mankhwala, chifukwa imayendetsa nyung'unyu popanda kuisenzetsa thupi lonse, bola chishalo chikwezedwe.

Mapiritsi ndi jakisoni

Bulufeni, dikolofenaki ndi indosidi ndi a banja limodzi. Amachepetsadi ululu wa nyamakazi, kuposa panado, koma sawongola mfundo kapena kulimbitsa mnofu. Akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amaboola m'mimba, amakweza BP, amatopetsa impso. Kumwa awiri a banja limeneli nthawi imodzi n'kuwirikiza chiopsezo popanda kuwirikiza phindu. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, kapena ali ndi shuga kapena BP, afunse kaye kuchipatala, chifukwa impso zawo zili kale pantchito. Malo oyenera a mapiritsiwa ndi masiku ovuta, pa mlingo wochepa, kuti munthu athe kuyenda ndi kuchita masewera ake.

Choopsa koposa ndi timapiritsi tosalembedwa dzina togulitsidwa m'timapepala pamsika, tomwe amati n'ta nyamakazi. Mkati mwake mumatha kukhala prednisolone kapena dexamethasone. Munthu amapepukidwa msanga, nkhope n'kumatupa, ndipo mankhwala omwewo ndi aja amapha mutu wa fupa.

Jakisoni wobayidwa m'mfundo momwemo amapumitsa ululu kwa milungu ingapo, kawirikawiri yosapitirira 10. Popeza nyung'unyu ili mkati, amafuna makina oonera kuti singano ifike pamalo. Jakisoni wa pathako yemwe ambiri timamukhulupirira si ameneyu. Ndi mankhwala omwe aja a piritsi, angolowera khomo lina.

Opaleshoni

Chicherechere chikatheratu, fupa n'kumakhulana ndi fupa, munthu osagona, manja ndi masewera zimafika pamalire. Chotsala ndi kuchotsa mutu wa fupa n'kuika wachitsulo, ndi kakapu m'malo mwa mtondo, njira yomwe John Charnley anaikhazikitsa ku England cha m'ma 1960. Ndi imodzi mwa maopaleshoni opambana kwambiri, ndipo zoposa theka la mfundo zoikidwazi zimatha zaka 25. M'Malawi muno inachitika kwa zaka zambiri ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu 2002, ndipo ku Lilongwe tsopano kuli chipatala cha mafupa cha LION pafupi ndi Kamuzu Central. Ndalama zake kapena mzere wake si za masewera. Ndipo ngakhale wopita kumeneko amachira msanga ngati analowa ndi minofu yolimba, n'kupitiriza mafizo atatuluka.

Ndiye ndisankhe iti?

Zimatengera amene akufunsa. Mnyamata wa mpira amene amathamanga pa Dedza Stadium, kapena wovina ingoma amene amaponda pansi mpaka fumbi koboo, n'kumva kutsina m'mphechepeche akakweza bondo, kawirikawiri alibe chicherechere chotha. Kwa iye kugwedeza kwa lamba kungamasule mwendo tsiku la masewero, koma chomwe chingamusunge m'bwalo chaka chonse ndi mphamvu za matako ndi za mkati mwa ntchafu. Asazolowere kulizidwa chiuno Loweruka lililonse ngati mwambo.

Wa kabaza kapena telala amene amakhala tsiku lonse chiuno chitapindika safuna kukokedwa ndi munthu. Adzuke, awongoke, atambasule kutsogolo kwa ntchafu, ayende.

Wa zaka za malume, wa nyamakazi yotsimikizidwa, amene mfundo yauma mpaka kulephera masewera omwe akuuzidwawo, ndi amene manja a katswiri amamuthandiza koposa, chifukwa amamupatsa poyambira. Ndikanati ndiike ndalama ya thiransipoti pa chinthu chimodzi, ndikanaiika pa ulendo woyamba wokajambulitsa ndi kuphunzira masewera, ina n'kusungira ulendo wobwereza pakatha mwezi. Ya bambo wa kumsika ndikanagulira matabwa a kabokosi kaja.

Malume anapita ku mafizo katatu kokha, m'miyezi iwiri. Masewera amachita, ngakhale nthawi yokumba mbatata amaiwala dala. Kunjuta sanabwererenso, ndipo m'mawa wa July, chifunga chikatsika m'phiri la Dedza, amayamba athowa kaye asanatuluke. Njinga akukwera. Felemu sadumpha ngati kale. Amaipendeketsa mpaka hendulo itayandikira pansi, n'kulowetsa mwendo, n'kuidzutsa. Sabata yatha ndinakumana nawo pamsewu wa M1 akuchokera kogula mankhwala a chiwawu, ndipo nditafunsa za chiuno anandiyankha za mtengo wa feteleza.